Kuphunzitsa Ana za Kuwala kwa Khristu ndi Katochi ka Laser, Botolo la Madzi ndi Kandulo

Ana a Sande Sukulu savutika kuloweza mawu a Yesu a pa Yohane 8:12, oti Iye ndiye kuunika kwa dziko lapansi. Amawanena pamodzi, mokweza, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Koma mukaloza mmodzi n'kumufunsa kuti, "Yesu akamati ndi kuunika akutanthauzanji?" yankho limakhala lakuti Yesu ndi wabwino. Yankholo ndi loona, kungoti lingakwane pa vesi lililonse la m'Chipangano Chatsopano. Mwanayo sanaganizirepo za kuwala kwenikweniko, kuti kumayenda bwanji, kumaoneka liti, kumatani kukagunda chinthu. Chizindikiro chimene munthu sanachiyang'anitsitse sichimuphunzitsa kanthu.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje, ndipo Lamulungu ndimakhala ndi ana a zaka zapakati pa 9 ndi 14 pa mpingo wathu wa CCAP, m'munsi mwa phiri. Phunziro limene ndifotokoze pano limatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo kupatula beseni, zipangizo zake zonse zimakwana m'chikwama chimodzi. Ndalembera aphunzitsi anzanga a Sande Sukulu, akatekisiti ndi atsogoleri a achinyamata, kaya ndinu a mpingo uti.

Choyamba kupeza ndi katochi ka laser kofiira. Timagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za mafoni ku Limbe ndi ku Blantyre, tambiri tili ndi mphete yokolekapo makiyi. Ngati muli ndi mnzanu wa mu ofesi, mubwerekeni kaja amalozera zolemba pakhoma pa misonkhano, chifukwa kameneko kawirikawiri kamakhala kodalirika kuposa ka pamsika. Werengani kapepala komatidwa m'mbali mwake. Mukufuna kolembedwa Class 2, kapena kosonyeza mphamvu yosapitirira 1 mW. Kobiriwira kasiyeni, ngakhale kamakongola. Tobiriwira totsika mtengo nthawi zambiri timakhala ndi mphamvu yoposa yolembedwayo, ndipo tina timatulutsanso kuwala kwina kosaoneka ndi maso koma kotha kuwononga diso. Wogulitsa akakuuzani monyadira kuti aka kamayatsa machesi kapena kuphulitsa baluni, ingodziwani kuti si kobwera nako pamaso pa ana.

Zina ndi za pakhomo. Botolo la pulasitiki loonekera mkati la malita awiri, lija la Sobo limachita bwino mukamatula pepala lake. Beseni, mbale yoyera, msomali wa mainchesi anayi, selotepi, pegi yoyanikira zovala, madasita awiri odzaza fumbi la choko, kagalasi kodziyang'anira nkhope, timkaka pang'ono, tochi wamba, makandulo, machesi, ndi njerwa zingapo zokhazikapo zinthu. Mufunikanso munthu wamkulu mmodzi wokuthandizani. Nokha simungagwire katochi, kuyang'anira ana ndi kutembenuza masamba a Baibulo mumdima.

Chipinda chide ndithu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndiye mutha kuchita madzulo, bola mwapangana ndi makolo za operekeza ana pobwerera. Ngati ndi masana, sankhani chipinda chaching'ono, mutseke mawindo ndi mabulangete kapena makatoni.

Za maso a ana

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa mphunzitsi amene sakonzeka kutsata izi ndi bwino phunziro lonse alisiye.

Diso lili ndi kagalasi kake kamene kamasonkhanitsa kuwala kolowa n'kukuunjika pa kamalo kakang'ono kumbuyo kwa diso. Kuwala kwa babu kumafika kutabalalika kale. Kwa laser kumafika kuli pamodzi, ndiye diso likakuunjikanso, kamalo kaja katha kupsa. Kumbuyo kwa disoko sikumva kuwawa, choncho mwana sangalire kuti mudziwe, ndipo pakapsa nthawi zambiri sipabwerera mwakale. Laser ya Class 2 amaiwerengera kuti siyoopsa kwambiri chifukwa munthu amaphethira kapena kutembenuka msanga, pa gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Koma inu mumawadziwa anyamata. Amene anzake amuuza kuti "ngati ndiwe dolo yang'anitsitsa" saphethira.

Choncho katochi kasachoke m'manja mwanu, ngakhale mwana wa abusa atakapempha. Ana akhale kumbuyo kwanu kapena m'mbali, kutsogolo kusakhale munthu. Lozani ku khoma lopanda windo, lopanda wotchi kapena chithunzi cha galasi, ndipo vulani wotchi yanu ya pamkono ndi mphete, poti zonsezi zimabweza kuwala kumene simukuyembekezera. Mwana wachialubino maso ake sachedwa kuthobwedwa ndi kuwala, mukhazikeni pamalo pamene tochi singamuthobwe m'maso, ndipo muzichenjeza musanayatse nyale. Timabatire ta katochika n'tozungulira, tofanana ndi mapilitsi. Mwana akameza kamodzi kamatentha kummero, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Chimodzimodzi ngati kuwala kwamulowa m'diso ndipo akunena kuti akuona chibanga chakuda kapena zinthu zikuoneka mwachimbuuzi, pitani naye ku Mulanje District Hospital kapena ku Mulanje Mission Hospital. Musamuthire mankhwala azitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'diso. Auzeninso ana momveka kuti laser salozera galimoto, wakabaza, ndege, galu kapena mnzako.

Pali chinanso chimene anthu a kutali sangachiganizire, koma ife a kuno tiyenera. Tikukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka m'boma lathu lino n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa. Kadontho kofiira koyendayenda pakhoma la nyumba ya munthu usiku katha kudzutsa mudzi wonse. Musanachite chilichonse, kaonetseni abusa ndi akulu ampingo masana, akagwire, akaone. Ngati mbali ina mudzachitira panja, dziwitsaninso amfumu. Ndipo pamaso pa ana, yambani ndi kukatsegula, mutulutse mabatire, muwaonetse kuti popanda amenewa kangokhala kachitsulo. Mwana achoke akudziwa kuti waona chipangizo chopangidwa ndi anthu m'fakitale, osati matsenga a aphunzitsi.

Kakusiyana bwanji ndi tochi

Funso limeneli lidzabwera, ndiye liyankheni ndi maso awo omwe. Lozani tochi wamba kukhoma muli pafupi, kenako mubwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Bwalo la kuwala likukula, likuzilala. Chitani chimodzimodzi ndi laser. Kadontho kaja kakungokhala pafupifupi momwe kanaliri.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Atomu ikalandira mphamvu, kaya ya moto kaya ya magetsi, siisunga nthawi yaitali. Imaibweza ngati kachidutswa ka kuwala kamene asayansi amati photon. M'kandulo ndi m'babu, atomu iliyonse imachita zimenezi pa nthawi yake, kuloza kwake, mtundu wakenso. Mu 1917 Albert Einstein anaonetsa ndi masamu kuti photon ikadutsa pafupi ndi atomu imene yadzaza kale mphamvu, imaichititsa kutulutsa photon ina yofanana nayo ndendende, mtundu womwewo, njira yomweyo, kuyendera limodzi. Imodzi ija zakhala ziwiri, ziwiri zakhala zinayi. Mukaika magalasi awiri moyang'anizana, kuwalako kumapita uku ndi uku kukuchulukirachulukira, ndipo galasi limodzi likakhala lodutsitsa pang'ono, chotulukira pamenepo ndiye laser. Ana ndimawauza kuti babu ndi phokoso la pa Limbuli tsiku la msika, aliyense akulankhula zake, pomwe laser ndi kwaya imene yagwira nyimbo imodzi, liwu limodzi, pa kugunda kumodzi kwa ng'oma. Amamva msanga.

Laser yoyamba inayaka pa 16 Meyi 1960 ku Malibu, m'chigawo cha California ku America, m'manja mwa Theodore Maiman, amene anagwiritsa ntchito mwala wofiira wa ruby. Koma amene ndimakonda kuwauza achinyamata ndi Charles Townes. Ganizo limene linatsegula njira yonseyi linamufikira mu 1951 atakhala pa benchi m'paki ina ku Washington m'mamawa, ndipo mu 1964 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov a ku Soviet Union. Townes anali Mkhristu wopita kutchalitchi mpaka imfa yake mu 2015 ali ndi zaka 99, ndipo mu 2005 anapatsidwa mphoto ya Templeton chifukwa cha zimene ankaphunzitsa zoti sayansi ndi chikhulupiriro si adani. Ndimanena izi chifukwa ndimakumana ndi ana a Fomu 3 amene wina anawauza kuti ukakonda Physics usiya kupemphera. Ayenera kumva kuti anthu ena anayenda ndi zonse ziwiri moyo wawo wonse.

Fumbi

Thimitsani nyale zonse, mulozere kukhoma. Funsani, "Mukuona chiyani?" Adzati kadontho kofiira. "Nanga pakati pa dzanja langa ndi khoma pali chiyani?" Adzati, "Palibe, aphunzitsi." Musawatsutse. Wokuthandizani uja aime pambali, aombanitse madasita pamwamba pa njira imene kuwala kukudutsa. Fumbi likamatsika, mzere wofiira woongoka umatulukira m'malere, kuchokera padzanja lanu mpaka kukhoma. Pamenepo musalankhule. Asiyeni akuwe, apemphe kuti mubwereze, ndipo bwerezani.

Chifukwa chake n'chosavuta. Diso limaona kuwala kokhako kumene kwalowa m'diso. Kuwala kodutsa cham'mbali sikuoneka mpaka kutagunda kanthu kokutembenuzira kwa inu. Mzerewo unalipo kale, fumbi langouonetsa.

Tsopano tsegulani Yohane 1:18, pamene akunena kuti palibe munthu anaonapo Mulungu, koma Mwana ndiye anamuonetsa. Kenako Mateyu 5:16, pamene Yesu akuti kuunika kwathu kuwale pamaso pa anthu kuti aone ntchito zabwino, alemekeze Atate. Mukatero funsani, "Chimene chaonetsa kuwala kuja n'chiyani?" Adzati fumbi. Mwana mmodzi awerenge Genesis 2:7, za munthu woumbidwa ndi dothi, wina awerenge Masalimo 103:14, pamene akuti Mulungu amakumbukira kuti ndife fumbi.

Kwa ine apa ndiye pamtima pa phunziro lonse. Ana ambiri amene ndimakhala nawo makolo awo amathyola tiyi m'maesiteti, ena amagulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, ena akuleredwa ndi agogo. Anamva kale, kusukulu kapena pamsika, kuti iwo si kanthu. Ndiye aone ndi maso awo kuti kuwala kwaonekera pa chinthu chimene tsiku lililonse timasesa n'kutaya. Musafulumire kuchokapo. Afunseni funso loti ayankhe ndi dzina la munthu: "Sabata ino, ndani wakuonetsa kuti Mulungu amakukonda?" Poyamba amachita manyazi. Kenako wina amati agogo anandisungira nsima ndikuchokera kusukulu. Wina amati amalume anandigulira makope. Mtsikana wina anatiuza za mayi woyandikana nawo amene anawasunga m'nyumba mwake, banja lonse, khoma lawo litagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe mayiyo naye analibe ufa wokwanira. Mayankho oterewa amaposa chilichonse chimene ine ndingakonze.

Fanizo lomweli lili ndi mbali ina, yoti kuwala kumaulula fumbi limene timayesa kuti mulibe m'chipinda, monga akunenera Aefeso 5:13. Ndi phunziro labwino la kulapa, koma lisungeni tsiku lina ndi ana okulirapo. Mukaphatikiza zonse ziwiri tsiku limodzi, mwana sadziwa ngati fumbi ndi iyeyo kapena ndi tchimo lake.

Ngati pali mwana wa mphumu, choko chisiyeni. Thirani madontho awiri kapena atatu a mkaka m'botolo la madzi, mukhutchumule, mulozemo laser. Mzere uonekera m'madzimo bwinobwino. Mkaka ukachuluka kuwala kumafera pakhomo pomwepo, ndiye yambani ndi dontho limodzi. Tsiku la chiperoni ndiye simufunikanso choko kapena mkaka. Tsegulani chitseko, mulozere pansi pabwalo la tchalitchi pomwepo, nkhungu igwira ntchito yonse.

Galasi

Ili ndi lachidule. Imikani kagalasi pa tebulo pochirikiza ndi njerwa, osapatsa mwana kuti agwire. Muyesereni ana asanabwere kuti mudziwe kumene kuwala kubwerere, ndipo kukhale kukhoma lam'mbali kopanda munthu. Lozani pagalasi, kadontho kaoneka kukhoma lina. Pakani matope pagalasipo, kadontho kazilala kapena kusowa. Pukutani, kabwerera.

Vesi lake ndi Yohane 1:6-8, lonena za Yohane Mbatizi, kuti iye sanali kuunikako koma mboni ya kuunikako. Galasi lilibe kuwala kwakekwake, ndipo mwezi nawonso ulibe, umangobweza kwa dzuwa. Ana amakondwa kumva kuti mu 1969 anthu a Apollo 11, oyamba kuponda pamwezi, anasiyapo chipangizo cha timagalasi, ndipo asayansi mpaka lero amachiwomba ndi laser kuchokera pansi pano. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndiye kupita kumwezi ndi kubwerako kumatenga masekondi awiri ndi theka. Poyeza nthawi imeneyi anapeza kuti mwezi ukutalikira dziko ndi masentimita pafupifupi 3.8 chaka chilichonse. Phunziro la galasili, kunena zoona, limatikhudza kwambiri ife oima kutsogolo, aphunzitsi, otsogolera kwaya ndi alaliki, kuposa anawo.

Kuwala kotsata madzi

Ichi ndiye chovuta kukonza, koma ana sachiiwala. Konzani dzulo lake, muyeserere kunyumba.

Tenthetsani msomali pa mbaula, muugwire ndi chopanira kapena kansanza kokhuthala, mubowole botolo pafupifupi zala zinayi kuchokera pansi, pamene pulasitiki ili yosalala. Bowo likhale lozungulira bwino. Palani timapulasitiki totsalira m'mphepete mwake ndi lezala, chifukwa bowo lamanomano limamwaza madzi, ndipo madzi akamwazika palibe chioneke. Matani selotepi pabowopo, mudzaze botolo ndi madzi oyera a pa mjigo kapena a pampopi, mutseke chitsekerero mwamphamvu.

Ikani botolo m'mphepete mwa tebulo, bowo litaloza kukhoma, beseni lili pansi kutsogolo kwake. Kumbuyo kwa botolo sanjani njerwa kapena mabuku mpaka katochi kafike msinkhu umodzi ndi bowo. Panani batani lake ndi pegi kuti kaziyaka kokha, musunthe pang'onopang'ono mpaka kuwala kudutse m'madzi n'kugwera pabowo penipeni. Apa m'pamene ambiri amatopa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza, kamateni katochi ndi selotepi kuti kasasunthe, muchotse pegi mpaka nthawi yake.

Ana asunthire m'mbali. Yatsani, matulani selotepi ya pabowo, mumasule chitsekerero. Madzi atuluka mokhota kugwera m'beseni, ndipo kuwala kumene mphindi zapitazo anakuona kukuyenda moongoka kukhota nawo limodzi. Pamene madzi akugwera pafiira. Tengani mbale yoyera, muitchinjirize m'njira ya madziwo pamwamba, kenako pakati, kenako pansi. Paliponse pamene madzi akugunda mbale, kadontho kofiira kali pomwepo. Ngati sizikuoneka bwino, dontho limodzi la mkaka m'botolo limathandiza.

Nthawi zonse pamapezeka mwana watcheru wofunsa kuti, "Aphunzitsi, si munati kuwala kumayenda moongoka?" Muyamikeni, chifukwa wagwira mfundo. Kuwala sikunapindike. Kukafika pamalire a madzi ndi mpweya mopendekeka kwambiri, kupitirira madigiri 49 kuchokera pa mzere woima chilili pamalirewo, sikutuluka, kumabwerera m'madzi konse. Ndiye kukuyenda moongoka kamtunda kakafupi, kugunda khoma la madzi, kubwerera, kuongokanso, kugundanso, mpaka pansi. Daniel Colladon anaonetsa zimenezi ku Geneva, m'dziko la Switzerland, mu 1841, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi thanki ya madzi, laser kusanabwere. Lero m'malo mwa madzi amagwiritsa ntchito ulusi wagalasi wowonda pafupifupi ngati tsitsi, wokwiriridwa m'mbali mwa misewu ndi pansi pa nyanja zazikulu. Uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa achimwene ku Johannesburg, mbali yaikulu ya ulendo wake umayenda ngati kuphethira kwa laser mu ulusi woterewu.

Mavesi ake ndi Yohane 1:14 ndi Afilipi 2:6-8. Mawu anasandulika thupi nakhala pakati pathu. Khristu anatsika kufika pamene ife tili, mpaka pansi penipeni, osasiya kukhala chimene Iye ali. Chikhristu chonse chaima pamenepo, ndipo ndi chinthu chovuta kufotokozera mwana wa zaka 10 ndi mawu okha. Botolo likamatha, madzi amafooka, amaduka kukhala madontho, kuwala n'kubalalika. Ine pamenepa sindinenapo kanthu. Achinyamata okulirapo, amene anaonapo mpingo ukugawanika chifukwa cha maudindo kapena ndalama, amanena okha.

Zoti musanene

Chonde musauze ana kuti Baibulo linalosera za laser, kapena kuti sayansi yatsimikiza kuti Mulungu ndi kuwala. Pa Genesis 1:3 kuwala ndi cholengedwa, Mulungu analankhula, kunayera. Pamene 1 Yohane 1:5 akuti Mulungu ndiye kuunika, akulankhula monga Masalimo amanenera kuti Mulungu ndi thanthwe kapena mbusa. Mwana amene mwamuphunzitsa kuti Mulungu ndi maphoton, akadzafika ku yunivesite adzataya zonse pamodzi, fanizo ndi chikhulupiriro chomwe. Laser ndi chida basi. Madokotala amachiritsira maso, amisiri amadulira zitsulo ndi kuwongolera makoma, m'masitolo akuluakulu imawerenga mitengo ya katundu, ndipo asilikali amalondolera mabomba.

Musawaphunzitsenso kuti chilichonse chonyezimira n'choyera. Paulo pa 2 Akorinto 11:14 akuchenjeza kuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Masiku ano misonkhano ina ya mapemphero imabwera ndi magetsi othwanima amitundumitundu ndi utsi wa makina. Zimenezi pazokha si tchimo, koma mwana adziwe kuti amabwereka ndi ndalama, ndipo sizinena kanthu za mtima wa wolalikirayo.

Samalaninso ndi mmene mukunenera za mdima. Mwana wakuda bii, amene anzake amamuseka kale, asachoke akuganiza kuti khungu lake lili kumbali yoipa ya fanizoli. Nenani poyera kuti mdima wa m'Baibulo si mtundu wa khungu. Ngati pali mwana wosaona kapena amene kholo lake ndi losaona, werengani Yohane 9:3, pamene Yesu akukana kuti kusaona kwa munthu wobadwa wosaona uja kunabwera chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake, ndipo mupatseni mbali, agwire madzi akutuluka m'botolo, amve kutentha kwa kandulo pachikhatho. Usiku nawonso si wa Satana. Masalimo 139:12 akuti kwa Mulungu mdima ndi kuunika n'chimodzimodzi, ndipo pa Eksodo 20:21 Mose analowa mumdima wandiweyani, m'mene munali Mulungu. Ana athu ambiri amagona ndi mantha a afiti. Mavesi awiri amenewa ndimafuna apite nawo kunyumba kuposa china chilichonse cha sayansi chimene aona.

Kandulo

Musamalize ndi laser. Iyatseni komaliza, mufunse kuti, "Wina atataya patapata m'chipinda muno, tingaipeze ndi kuwala kumeneku?" Adzayesa kuganiza, kenako adzati ayi. Kuwala konse kuli pa kadontho kamodzi, chipinda chili bii, ngakhale nkhope ya mnzako sukuiona. Thimitsani, muyatse kandulo imodzi, muiike pamwamba pa njerwa. Nkhope zonse zioneka.

Nyale imene Yesu ankanena pa Mateyu 5:15 inali kambale kadothi kothiramo mafuta a azitona, kokhala ndi chingwe, kosasiyana kwenikweni ndi koloboyi pa kuwala kwake. Anati saivundikira, koma amaiika pa choikapo chake kuti iunikire onse a m'nyumbamo. Laser ndi yamphamvu ndi yolunjika, ndipo yatithandiza kuona zinthu zitatu zimene kandulo sikanationetsa, koma kuunikira onse a m'nyumba siingathe. Ndimaona kuti n'kofunika ana aone zimenezi, chifukwa mtima wa mwana umathamangira chodula ndi chachilendo, n'kupeputsa chimene ali nacho kwawo.

Gawirani makandulo ana okulirapo okha, lililonse litabayidwa pa kachidutswa ka katoni kuti phula lisawatenthe zala. Woyamba ayatse pa kandulo yanu, wachiwiri ayatse kwa woyamba, choncho mpaka kumapeto, woyatsa ndiye azipendeketsa yake yosayaka, yoyaka ikhale chilili. Abale athu a Katolika amazidziwa bwino izi, poti usiku wa Pasaka tchalitchi chonse chimayamba mumdima, moto n'kuchokera pa kandulo imodzi yaikulu kufikira aliyense. Afunseni ana ngati lawi la kandulo yoyamba lachepa chifukwa chogawira ena. Silinachepe. Kenako ayerekeze kutalika kwa kandulo yanu ndi ina yosayatsa. Yafupika. Kuunikira ena kumadya mwini wake, ndipo Yesu pa Yohane 5:35 anatcha Yohane Mbatizi nyale yoyaka ndi yowala. Apa mutha kutchula amayi a Mvano amene amayenda mtunda kukaona odwala, kapena aliyense wa pa mpingo wanu amene anawo amamudziwa. Pempherani mwachidule, muimbe nyimbo imodzi imene onse amaidziwa.

Beseni la madzi lija likhale pafupi mpaka makandulo onse atazimitsidwa. Yang'anirani zitenje, mawigi ndi tsitsi lopaka mafuta, ndipo ngati nyumba yanu yopemphereramo ndi yofolera ndi udzu, mbali iyi chitirani panja. Werengani makandulo pobweza, chifukwa pamakhala wina wofuna kukayesa kunyumba. Katochi kachotseni mabatire, mukaike m'thumba lanu, mupite nako kwanu, osakasiya m'kabati ya tchalitchi. Kolopani pamene madzi anadonthera anthu asanaterereke, ndipo musatseke chitseko mpaka mwana womaliza atapeza womuperekeza.